Mapapo oikidwa kaye pa makina asanapatsidwe wodwala: tivomere?

Mlongo wa wodwala:
Achimwene anga akhala akudikira mapapo kwa miyezi 14. Awo adauma, moti kuchoka pabedi kukafika kubafa amaima kawiri, botolo la okosijeni lili m'manja. Usiku wina foni idalira kuti mapapo apezeka. Tidathamanga, adawasambitsa, kuwaveka ndi zovala za ku opaleshoni, koma m'bandakucha dokotala adatibweza, akuti mapapowo adalowa madzi. Tsopano atipatsa pepala loti achimwenewo asayine, lovomera mapapo amene ayamba aikidwa pa makina oyezera mapapo kunja kwa thupi, otchedwa EVLP. Ine mtima uli m'mwamba. Kodi amenewa si mapapo okanidwa omwe akungofuna kutikankhira?

Namwino wa odwala chifuwa:
Pepani achemwali, kubwezedwa kotero kumawawa. Koma dziwani kuti mapapo sachedwa kuwonongeka: mwa anthu asanu omwalira amene apereka ziwalo, kawirikawiri ndi mmodzi yekha amene mapapo ake amagwiritsidwa ntchito. Ena amasiyidwa chifukwa chongokayikiridwa.

Njira yozolowereka ndi yowatsuka ndi madzi ozizira a mankhwala, kuwauzira mpweya, kuwamanga m'matumba n'kuwaika m'bokosi la ayezi pa madigiri 4. Mmenemo amapirira maola 6 mpaka 8, ndipo palibe angadziwe mmene akuchitira. Pa EVLP amawagoneka m'chotengera choonekera mkati, kuwafunditsa pang'onopang'ono kufika madigiri 37 monga m'thupi. Makina opumitsa amawapatsa mpweya, pampu imayendetsa madzi okhala ndi albumin (puloteni ya m'magazi) m'mitsempha yake, ndipo madziwo amathandiza kukoka ena aja omwe adalowa m'mapapo. Ukaima pafupi umawaona akufufuma n'kuphwa. Ine tsiku loyamba ndidagwira pakamwa.

Kwa maola 4 kapena kupitirira madokotala amayeza okosijeni amene mapapowo akupereka, kufewa kwake, kuwajambula ndi kuwasuzumira mkati ndi kamera. Akaona kuti akuipiraipira, sawaika mwa munthu.

Bambo wolandira mapapo:
Mwanangu, anga adadzera pa makina amenewo. Nanenso ndidakana poyamba, mpaka mkazi wanga adandifunsa kuti ndatsala ndi mpweya wodikirira miyezi ingati. Lero ndimakwera masitepe nditanyamula mdzukulu. Mankhwala oletsa thupi kukana mapapo ndimamwa tsiku lililonse osadumpha, zimenezo makina sachotsa. Achimwene anu adzisankhire okha, inu mukhale pambali pawo.

Mlongo wa wodwala:
Zikomo bambo, mwandikhazika mtima pansi. Anamwino, njirayi yayamba liti? Ndikuopa kuti akuyesera pa ife.

Namwino wa odwala chifuwa:
Si ya dzulo. Stig Steen wa ku Lund, ku Sweden, adalengeza mu 2001 za mapapo amene adawayeza kunja kwa thupi asanawaike mwa wodwala, ndipo madzi a albumin aja amatchedwa ndi dzina lake. Gulu la Shaf Keshavjee ku Toronto lidaikonza bwino, ndipo mu 2011 lidaonetsa kuti odwala olandira mapapo okayikitsa amene adapambana pa makinawa adachira mofanana ndi anzawo olandira mapapo osakayikitsa. Mukapitanso mukafunse kuti chipatala chanucho chachita kangati, komanso ngati kukana pepalalo kungatalikitse kudikira. Mukonzekerenso kuti angathe kukubwezaninso, chifukwa si mapapo onse amapambana.