Njinga yamoto ikuzima ndikangotsitsa choko: kodi ndingatsuke kabuleta ndekha kunyumba?

Wakabaza wa ku Kawale:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za injini. Ndili ndi njinga ya Bajaj Boxer imene ndimanyamulira anthu kuchokera ku Kawale kupita m'tauni, koma inakhala milungu isanu osayenda pamene ndinali kumudzi. Tsopano ndikaigwejemula imalira pokhapokha choko (chipangizo chochepetsa mpweya poliza injini yozizira) chili chokoka, ndipo ndikangochibweza, injini imatsokomola kawiri katatu n'kuzima. Pulagi ndasintha, koma palibe chasintha. Ndisanaiimike ndinathira petulo wa m'chigubu amene ndinagula m'mbali mwa msewu chifukwa mizere inali yaitali. Kodi kabuleta, imene imasakaniza petulo ndi mpweya, ndingaitsuke ndekha osaiwononga?

Makaniko wa ku Biwi:
Achimwene, mmene mwafotokozeramo, vuto lili m'kabuleta, pa jeti yaing'ono (kachitsulo kokhala ndi bowo lodutsira petulo) imene timaitcha pilot jet, pakuti ndiyo imapereka petulo injini ikamalira payokha musanaipatse moto. Kabowo kake n'kochepa kwambiri moti kamchenga kamodzi kokha kamakwanira kukatseka, ndipo petulo akakhalitsa m'kabuleta amauma n'kusiya zomata zonga manyuchi.

Yambani mwatseka kampopi ka petulo ka pansi pa thanki, kenako masulani kasikuluwu ka pansi pa kabuleta kuti petulo wotsalayo atsikire m'botolo loonekera mkati. Muliyang'anitsitse botololo, chifukwa ngati muli madzi mudzawaona atakhazikika pansi ngati timikanda. Mukachotsa kabuletayo, ikeni pa nsalu yoyera kapena m'beseni, osati pa dothi, popeza kasipuling'i kakagwera pabwalo la m'Kawale simudzakaonanso. Jambulani chithunzi pa foni musanachotse chilichonse. Tsegulani kambale ka pansi, mutulutse float (choyandama chimene chimatseketsa petulo kambaleko kakadzaza) ndi kansingano kake, ndipo mudzaona majeti awiri achikasu: yaikulu pakati, yaing'ono pambali pake. Sikuludilaiva ikhale yokwana bwino m'mpata wa jeti, chifukwa chitsulo chake n'chofewa ndipo mutu ukangoperepeseka ntchito yakula.

Pali sikuluwu ina ya pambali imene imasakaniza mpweya ndi petulo. Musanaichotse, itembenuzireni mkati pang'onopang'ono mpaka itaima yokha, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, ndipo mulembe nambalayo kuti mudzaibwezere pomwepo. Pa njinga zambiri zazing'ono imakhala pakati pa kamodzi ndi theka ndi kawiri ndi theka. Musaimange mwamphamvu, nsonga yake imathyoka. Poperani mankhwala otsukira kabuleta, amene amapezeka m'masitolo a zipangizo za galimoto a ku Malangalanga, m'mabowo onse, kenako muuziremo mpweya ndi pampu ya njinga yakapalasa. Mukaloza jetiyo kudzuwa muyenera kuona kuwala kozungulira bwinobwino.

Bambo a ku Area 25:
Ndikugwirizana ndi amakaniko, koma ndiwonjezere chimene ine chinandidyera ndalama. Chaka chatha ndinatokosa jeti ndi singano yosokera, ndipo njinga inalira bwino tsiku lomwelo moti ndinadziona ngati katswiri. Patapita sabata ndinazindikira kuti ikumwa petulo mopitirira, ikutulutsa utsi wakuda, ndipo pulagi inali yakuda bii ndi mwaye. Singano ija inali itakulitsa bowo, ndipo bowo likakula silibwerera, mankhwala ake n'kugula jeti ina. Choncho musalowetsemo chitsulo chilichonse. Mphira zonse, monga gasiketi ndi timphete takuda, muzichotse kaye musanapopere mankhwalawo chifukwa zimafufuma.

Makaniko wa ku Biwi:
Bambo, pa singano mwanena zoona, koma kunena kuti asalowetsemo chilichonse mwakhwimitsa kwambiri. Nthawi zina zomata zija zimauma gwaa moti mankhwala okha sangazichotse. Zikatero ine ndimasenda waya wamagetsi wofewa, n'kutengapo kachingwe kamodzi ka kopa, koonda ngati tsitsi, n'kukadutsitsa mosakakamiza. Kopa ndi wofewa kuposa chitsulo cha jeti, kotero sakulitsa bowo. Kakakana kulowa, viikani jetiyo m'mankhwala kwa ola limodzi, muyesenso.

Mayi a ku Area 49:
Ine ndili ndi njinga ziwiri zimene anyamata amandiyendetsera, ndipo ndinatsukitsa kabuleta ya imodzi katatu m'mwezi umodzi ndisanadziwe kuti zinyalala zinkachokera m'thanki. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi, choncho thanki ikakhala nthawi yaitali ili ndi petulo wochepa imayamba dzimbiri mkati. Walitsanimo tochi ya foni, osati machesi, ndipo mukaona zofiirira, tsukani thankiyo ndi kasefa ka pa kampopi kaja, n'kuika fyuluta yaing'ono pa payipi yopita ku kabuleta. Onaninso fyuluta ya mpweya, pakuti fumbi la mu Okutobala m'misewu yathu ino limaidzaza msanga. Ntchito yonseyi muigwirire panja masana, kutali ndi mbaula ndiponso ana.

Wakabaza wa ku Kawale:
Zikomo kwambiri nonse. Ndagwira ntchitoyi m'mawa uno, ndipo m'botolo muja munalidi madzi pafupifupi supuni imodzi, pamene m'kambale munali matope ofiira. Jeti yaing'ono inali yotsekekeratu, ndipo inatseguka nditaiviika n'kudutsitsamo kachingwe ka kopa kaja. Sikuluwu ya mpweya ndinaipeza pa kawiri, ndipo ndaibwezera pomwepo. Njinga tsopano ikulira popanda choko, koma ndikaiimika ikudontha petulo pa kapayipi ka pansi pa kabuleta. Kodi ndalakwitsa pati?

Makaniko wa ku Biwi:
Kansingano ka float sikakutseka, achimwene. Yambani mwagogoda kambaleko pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludilaiva, chifukwa nthawi zina float imangokakamira. Kukapitirira kudontha, tsegulaninso muone ngati pa mpando wa kansinganoko pali kachitsotso, kapena ngati nsonga yake ya mphira yadyeka mozungulira. Ikakhala yodyeka, katengeni popita kusitolo kuti akupatseni kofanana nako, ndipo mpaka mutakonza, kampopi ka petulo kazikhala kotseka njinga ikaima.