Ndikupempha nzeru: dzimbiri pa Ruger 10/22 ndi zoyenera kusintha ndi ndalama zochepa

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwasunga mfuti kwa zaka zambiri, makamaka amene mukukhala m'mbali mwa nyanja yamchere. Ine ndimakhala ku Durban, ndipo ndili ndi Ruger 10/22 ya zipolopolo za .22 LR imene ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito, yochitira masewera owombera chandamale ku kalabu yathu. Mapepala onse ali m'malo mwake: laisensi yanga ndi ya Section 16 ya Firearms Control Act ya 2000, poti kuno ku South Africa mfuti yamtundu umenewu, imene imadzilowetsera yokha chipolopolo china ukangowomba, kawirikawiri amaloleza munthu amene ndi membala wokhazikika wa bungwe lovomerezeka la masewerawa kapena la alenje.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi dzimbiri. Chinyezi cha kuno sichisiya chitsulo, ndipo ngakhale ndimapukuta mfutiyi ndi kansalu ka mafuta ndikachokera kowombera, timadontho tofiirira tayamba kuoneka pa mpope, makamaka pansi pa lamba wachitsulo amene amamanga mpope ndi thabwa, ndiponso pamene ndimagwira ndi dzanja lamanzere. Sitinalowe mkati mwa chitsulo, koma mukayendetsa chikhadabo mumamva kukhakhala. Ena amati ndikhule ndi steel wool (timawaya tachitsulo tokhulira) yosalala kwambiri ya 0000 yonyowetsa ndi mafuta, kenaka ndipake mankhwala odetsa chitsulo monga Perma Blue ya Birchwood Casey. Kodi kutero sikusiya mawanga oonekera kuposa dzimbiri lenilenilo? Nanga receiver, thupi la mfuti pamene pamalumikizidwa mpope, imene ndi ya aluminiyamu ndipo utoto wake wakuda wasupuka m'makona, ndiichite bwanji? Za Cerakote, utoto wolimba wopaka mfuti, ndazimva, koma mtengo wake ndi woti ungathe ndalama zonse zimene ndapatula. Thabwa nalo vanishi wake wakandikakandika, ndipo ndikuganiza zolipala ndi kulipaka Tru-Oil, mafuta opaka thabwa la mfuti, ngati ntchito imeneyi munthu angaigwire yekha pakhomo.

Funso langa lachiwiri ndi la zosintha. Mfuti imeneyi inayamba kupangidwa mu 1964, ndipo zipangizo zake n'zambiri pamsika moti munthu atha kuwononga ndalama zoposa mtengo wa mfutiyo pogula zokongoletsa zokhazokha. Ine zimenezo sindikuzifuna. Ndikufuna kuti zipolopolo zizigwera pamodzi pa mtunda wa mamita 50, komanso kuti khoko la chipolopolo lisamakakamire pakhomo potuluka, zimene zimachitika apo ndi apo. Trigger ya kufakitale, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, ndi yolimba, imafuna mphamvu ya makilogalamu awiri ndi theka kapena kuposerapo, pamene BX-Trigger ya kampani ya Ruger yomweyo imafuna pafupifupi theka lake. Mtima wanga uli pa trigger, chifukwa ndimaona ndekha mpope ukugwedezeka panthawi imene ndikukoka, koma anzanga akuti ndiyambe ndi scope yabwino, galasi loyang'anira chandamale. Ndalama zilipo za chimodzi chokha chaka chino. Inu mukadayamba ndi chiti?

Yankho:

Achimwene, musanagule kanthu, taonani kaye mmene mukusungira mfutiyo. Ngati mumaiika mu sefu ili m'chikwama chake cha siponji, ichotsenimo lero lomwe, chifukwa siponji imasunga chinyezi ndipo imayamwa mafuta amene mwapakawo. Ikani mapaketi a silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, mu sefumo, ndipo muziwaumitsa mu uvuni akakhuta madzi. Steel wool ya 0000 ndi yabwino ngati mukukhula mopepuka, mafuta ali ambiri, mutayamba mwachotsa thabwa ndi lamba uja. Tizidutswa take tisagwere mkati mwa receiver kapena m'magazini. Perma Blue imabwezera mtundu wakuda pamalo aang'ono, koma iyo payokha siteteza kwenikweni ku dzimbiri, ndipo simagwira ngati pachitsulo patsala mafuta ngakhale pang'ono. Mukapaka, tsukani ndi madzi, umitsani bwinobwino, kenaka pakani mafuta monga Ballistol. Pa aluminiyamu Perma Blue siigwira konse. Pamenepo pamafunika Aluminum Black, ya kampani yomweyo ya Birchwood Casey. Thabwa mutha kulikonza nokha, bola muzipaka Tru-Oil pang'onopang'ono ndi chala, n'kumadikira kuti aume musanapakenso.

Pa nkhani ya zosintha, ine ndikugwirizana nanu kuti trigger ndiyo imasintha kwambiri kawombedwe ka munthu pa mfuti imeneyi, koma pali zotchipa zoti muyambe nazo. Yesani zipolopolo za makampani osiyanasiyana, poti mfuti za .22 zimasankha, ndipo nthawi zambiri za standard velocity, za liwiro lapakati, zimagwera pamodzi kuposa zothamanga kwambiri. Onani ngati sikuluu yomanga thabwa ndi masikuluu awiri a V-block amene amagwira mpope ali omangika bwino. Kukakamira kwa khoko kawirikawiri kumabwera ndi litsiro la m'magazini ndi la pa bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mu mpope, chifukwa zipolopolo za .22 zimasiya mwaye wambiri umene umasanduka phala ukakumana ndi mafuta ochuluka. Mukatsuka koma vuto osatha, gulani extractor ya Volquartsen, ndi kachitsulo kakang'ono kosadula kamene kamakoka khoko kulitulutsa. Potsuka mpope gwiritsani ntchito chingwe chokoka kuchokera kumbuyo, chifukwa ndodo yolowetsa kutsogolo imatha kuperepesa mlomo wa mpope, ndipo mlomowo ukawonongeka palibe scope imene ingakuthandizeni. Mpope wokhawo musaganize zousintha nokha: malamulo a kuno amauwerengera ngati mfuti payokha, moti nkhani yake imadutsa kwa gunsmith (mmisiri wokonza mfuti) wa laisensi ndi kwa DFO, mkulu woona za mfuti kupolisi ya kwanu.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri, akulu, mwandimasula pa zambiri. Ndiyamba ndi dzimbiri ndi kasungidwe, kenaka ndiyese zipolopolo ndisanatulutse ndalama ya trigger. Chatsala chimodzi: ndikadzaika BX-Trigger, kupatula kuonetsetsa kuti mfuti ilibe chipolopolo ndi kuyesa ngati safety, loko yoletsa mfuti kulira, ikugwira, kodi pali kuyesa kwina kumene mumachita musanapite nayo kowombera, kapena ndi bwino kuti gunsmith aione kaye? Ndiponso amene munachotsapo lamba uja wa pa mpope mpaka kalekale, mundiuze ngati zipolopolo zinayamba kugwera pamodzi kapena zinabalalika.