Madandaulo atatu a kulipsira, chisankho chili pakhomo: tiyambire pati?

Mlembi wa komiti ya chisankho

Akuluakulu, ndabwera ndi katundu wondilemera. Ndine mlembi wa komiti yoyendetsa chisankho pa nthambi yathu ya yuniyoni, ndipo m'komitimo tilimo asanu. Kwatsala masiku 19 kuti tivote. Pa udindo wa wapampando akupikisana awiri, amene alipo panopa ndi mnyamata wina wa ku makina. Sabata ino ndalandira madandaulo atatu, onse ochokera kwa anthu a mbali ya mnyamatayo.

Mayi wina ankagawa timapepala ta kampeni pa geti Lolemba, nthawi yopuma masana. Lachitatu m'mawa anapeza dzina lake pa rosita ya usiku, munthu amene wagwira masana zaka 6 ndipo ali ndi mwana woyamwa. Kapitawo akungoti ntchito ndi imene ikufuna choncho, koma aliyense akudziwa kuti kapitawoyo ndi wapampando ndi ponda apa nane mpondepo. Wachiwiri ndi shop steward (woimira antchito anzake mu yuniyoni) wa kosungira katundu, amene komiti yayikulu ya yuniyoni yamuchotsa patangopita masiku anayi chisainireni fomu yovomereza kuti mnyamatayo ayime. Kalata yake ikuti sakugwirizana ndi anzake. Wachitatu ndi bambo amene dandaulo lake la ndalama za ovataimu lagona mu ofesi ya yuniyoni miyezi iwiri. Atakafunsa anauzidwa kuti, "Kauzeni amene mukumuchemererayo akuthandizeni."

Dzulo usiku wapampando anandiimbira, akuti mlandu suwola, tidikire chisankho chidutse. Malamulo athu amangonena kuti komiti idzaonetsetsa kuti chisankho chayenda mwaufulu, ndondomeko ya madandaulo mulibe. Ndiyambire pati?

Steward wopuma

Achemwali, mlandu wa mtundu uwu umawola, ndipo umawola tsiku lovota. Amene anasintha rosita uja sankaganiza za mayi mmodziyo. Ankafuna anthu onse amene amadutsa pa bolodi m'mawa aone dzinalo, kenako aliyense abweze kapepala kake m'thumba. Ndinaziona ndili steward: mnzathu mmodzi atasamutsidwa dipatimenti, pa msonkhano wotsatira wa kampeni mipando yakutsogolo inali yopanda anthu, ochepa amene anabwera anaima pafupi ndi chitseko. Tinaweruza patapita miyezi itatu, munthuyo anabwerera pamalo pake, koma mavoti anali ataponyedwa kale mwamantha. Ndimadandaula nazo mpaka lero. Kumanani mawa lomwe, ndipo foni ya wapampando ija muilembe penapake, tsiku ndi nthawi yake.

Wothandiza za malamulo a ntchito

Amayi, musawaike m'dengu limodzi atatuwa, chifukwa wochita chinthucho ndi wosiyana. Rosita ndi ya olemba ntchito. Kuchotsa steward ndi kugoneka dandaulo la ovataimu ndi zochita za yuniyoni yeniyeniyo. Komiti yanu ili ndi mphamvu pa ziwiri zomalizazo, koma kampani simungailamule. Mungailembere kalata ndi kuthandiza mayiyo kutsegula dandaulo lake pa njira ya madandaulo a pantchito.

Pa dandaulo lililonse funsani mafunso omwewo. Kodi munthuyo ankachita chinthu chololedwa, monga kugawa timapepala pa nthawi yake yopuma? Kodi amene anapanga chiganizocho ankadziwa za kampeniyo? Panadutsa nthawi yaitali bwanji? Nanga ena amene sakuchita kampeni anachitidwa zomwezo? Zikagwirizana zonsezi, mpira umapita kwa wodandaulidwayo kuti aonetse kuti akanachitabe zomwezo ngakhale pakanapanda kampeni. Ku America njira imeneyi anaikhazikitsa pa mlandu wa Wright Line mu 1980, ndipo ndi maganizo omwewo amene ali mu malangizo nambala 143 a mu 1971 a ILO, bungwe la zantchito la padziko lonse, oti olemba ntchito ndiwo apereke umboni woti chilango chimene apereka kwa woimira antchito chinali ndi chifukwa chomveka. Malangizo omwewo amanena kuti chitetezo chifikirenso amene akungoyima pa chisankho, osati okhawo amene ali kale pa udindo.

M'kalata yopita ku kampani mungatchule pangano la ILO nambala 98 la mu 1949, lomwe limaletsa kuchitira wantchito choipa chilichonse chifukwa cha ntchito za yuniyoni zochitika kunja kwa maola a ntchito, ndiponso limaletsa olemba ntchito kulowerera zochitika za yuniyoni. Koma khoti limayang'ana kaye lamulo la dziko, choncho pezani ndime yake m'lamulo lanu la zantchito ndipo muone malire a masiku okasumira.

Wa ku ofesi yoona za antchito

Ine ndili mbali ya kampani, ndiye ndilankhule monga wodziwa mmene kalata yanu idzalandiridwire. Mukalemba kuti "mwamulipsira", bwana adzayankha mzere umodzi woti kukonza mashifiti ndi ufulu wa kampani, ndipo kunena zoona ndi ufulu wawodi. Pemphani mapepala m'malo mwake: marosita a miyezi 6 yapitayi, tsiku limene rosita yatsopanoyi inakonzedwa, amene anaisaina, ndi mayina a ena onse amene asinthidwa sabata yomweyo. Ngati inakonzedwa pa kompyuta, failo imaonetsa tsiku limene inasinthidwa komaliza. Mukapeza kuti inakonzedwa Lachisanu lapitalo, mayiyo asanagawe kapepala ngakhale kamodzi, ndipo asinthidwa anthu khumi, nkhani ya kulipsira yafooka. Koma ngati wasinthidwa yekha, Lachiwiri madzulo, popanda chidziwitso cha masiku amene pangano lanu ndi kampani limanena, palibe wa ofesi yathu amene angafune kukaima nazo pamaso pa woweruza. Kalatayo ipite kwa mkulu wa ofesi yoona za antchito, osati kwa kapitawo. Nthawi zambiri akuluakulu samadziwa n'komwe zimene kapitawo wachita.

Mlembi wa komiti ya chisankho

Zikomo nonse. Ya steward ndiyo ikundizunguza mutu. Wapampando akuti ma steward amagwira ntchito m'malo mwa komiti yayikulu, ndiye komitiyo ili ndi ufulu wosankha anthu oti izigwira nawo ntchito. Kodi pamenepa sakunena zoona?

Wothandiza za malamulo a ntchito

Zitengera mmene steward ameneyo anakhalira pa udindo. Anasankhidwa ndi anzake pa voti, kapena anangoikidwa ndi komiti? Kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Khoti lalikulu la ku America mu 1982, pa mlandu wa Finnegan ndi Leu, linalola mtsogoleri amene wangopambana kuchotsa antchito a yuniyoni ochita kuikidwa amene ankachemerera mnzake wopikisana naye. Koma mu 1989, pa mlandu wa Lynn, khoti lomwelo linati kuchotsa munthu wochita kusankhidwa chifukwa cha zimene walankhula n'kuphwanya ufulu, popeza amene amuvotera alandidwa womuimira wawo, ndipo ena onse amachita mantha kulankhula. Ziweruzo zimenezi sizikumangani inu, koma maganizo ake mungawagwiritse ntchito. Tsegulani malamulo anu pa ndime ya ma steward, muone amene ali ndi mphamvu yochotsa, ndiponso ngati munthuyo ayenera kumvedwa kaye. Pemphaninso maminitsi a msonkhano umene unamuchotsa. Ngati wapampando anakhala nawo n'kuvota pa nkhani ya munthu amene wasainira mdani wake, chiganizocho chili ndi bala kale.

Ya ovataimu musaipeputse chifukwa ndalama zake n'zochepa. Munthu amadulidwa ndalama ya umembala mwezi ndi mwezi kuti aimiriridwe, kaya avotera ndani.

Msungichuma wa nthambi ina

Ine ndikuchenjezeni mbali inayi, achemwali. Nthawi ya chisankho dandaulo nalonso limasanduka chida. Kwathu wina anapatsidwa kalata ya chenjezo chifukwa chojomba masiku atatu, n'kuthamangira ku komiti kuti akumuzunza chifukwa cha kampeni, pamene chenjezo loyamba analandira chaka chatha kampeni isanayambe. Kuchita kampeni sikumutchinjiriza munthu ku chilango chimene akanalandirabe. Ndiye muwamve onse. Wodandaulidwa apatsidwe dandaulolo molemba, ayankhe molemba pasanathe masiku awiri, ndipo m'komiti mwanu aliyense amene ali pachibale kapena wasainira mmodzi wa oyimawo atuluke pa nkhani imeneyi. Musalole kuti zokambirana zanu zizipezeka pa WhatsApp chiganizo chisanatuluke.

Steward wopuma

Abambo akunena zoona, koma kumva mbali zonse kusasanduke njira yodyera masiku 19 aja. Ikani malire: mayankho pofika Lachitatu, chiganizo Lachisanu. Ndipo pamene mukufufuza, zinthu zibwerere kaye mmene zinalili. Steward apitirize ntchito yake mpaka mutagamula. Mukadzapeza kuti anachotsedwa moyenera, yuniyoni yataya chiyani pa sabata imodzi? Koma mukamusiya panja n'kudzapeza kuti analakwiridwa, sabata imeneyo simungaibweze. Chinanso, chiganizo chanu chikamatidwe pa bolodi lomwe lija pamene panali rosita. Anthu anaona chilango ndi maso awo, aonenso kubwezedwa kwake ndi maso omwewo.

Mlembi wa komiti ya chisankho

Ndabweranso kudzakuuzani pamene tafika. Tinakumana tsiku lotsatira, ndipo mmodzi wa ife anatuluka yekha chifukwa ndi mlamu wake wa wapampando, tinatsala anayi.

Ya steward inatha msanga. Malamulo athu akuti steward amasankhidwa ndi anthu a dipatimenti yake ndipo amachotsedwa ndi anthu omwewo pa msonkhano, komiti yayikulu ilibe mphamvu imeneyo. Maminitsi anaonetsanso kuti sanaitanidwe kuti adziyankhire. Tinalemba kuti kalata yomuchotsa ilibe mphamvu, ndipo wabwerera. Wapampando sanakondwe, wanena kuti akadandaula ku likulu la yuniyoni, ndipo tamuuza kuti ndi ufulu wake, tampatsa ndi makope a zonse.

Ya ovataimu, amene ananena mawu aja anakana kuti sanalankhule choncho, ndipo mboni panalibe, choncho sitinagamule kuti panali kulipsira. Koma buku la madandaulo linaonetsa kuti ena awiri amene anabwera pambuyo pa bamboyo anaperekedwa kale ku kampani. Talamula kuti lake liperekedwe pasanathe masiku atatu, ndipo alitsatire ndi steward wa dipatimenti ina.

Ya rosita ndinatsata malangizo a abambo a ku ofesi yoona za antchito. Mapepala atabwera tinapeza kuti mayiyo anasinthidwa yekha, ndipo dzina lake linawonjezedwa ndi cholembera pansi pa rosita yosindikiza kale. Mkulu wa ofesiyo wamubweza ku masana kuyambira Lolemba, koma kalata yawo ikungoti "tawunikanso zofuna za ntchito", sakuvomera kuti panalakwika. Mayiyo akufuna dandaulo lake lipitirire kuti kapitawo ayankhe, ndipo wagwira kale mausiku asanu. Tilipitirize panopa, kapena chisankho chikadutsa?

Wothandiza za malamulo a ntchito

Lipitirizeni panopa, amayi, malire a masiku okadandaulira sadikira chisankho. Likhale m'dzina la mayiyo, pa njira ya madandaulo a pantchito, ndipo womuimira akhale steward amene sali mu kampeni ya aliyense. Kope ya rosita yolembedwa ndi cholembera ija muisunge inuyo, ina apatsidwe mayiyo lero lomwe.