Zotsatira za funso langa lokhudza foda yokhazikika ya diski ya USB

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chimene diski yanga ya USB sinkaonekera m'foda imene ndinaikonzera pa Linux, zomwe zinkasokoneza pulogalamu yosunga makope a mafayilo. Vutolo latha, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe. Mu /etc/fstab, fayilo imene imauza Linux foda imene diski iyenera kuonekeramo, ndinalemba /dev/sdb1, dzina la diski lomwe limasanduka /dev/sdc1 diski ina ikayamba kulumikizidwa. Ndinapeza UUID ya diski yangayo (nambala yoizindikiritsa imene sisintha madiski ena akalumikizidwa) pogwiritsa ntchito lamulo la blkid, n'kuilemba m'malo mwa dzinalo pamzere woloza ku foda ya /mnt/makope.

Ndinawonjezeranso mawu akuti nofail pamzerewo, chifukwa popanda mawu amenewa kompyuta ikamayaka diskiyo palibe, systemd, pulogalamu imene imayendetsa kuyaka kwa Linux, imadikira masekondi 90 kenako n'kulowa mu emergency mode, pomwe kompyuta imaima osamaliza kuyaka kuti munthu akonze vuto. Ndinayesa mzerewo ndi lamulo la mount -a, lomwe limalumikiza madiski olembedwa mu /etc/fstab, ndisanazimitse makina, ndipo udisks2, pulogalamu imene imathandiza kulumikiza madiski a USB akalowetsedwa, nayonso tsopano ikutsatira foda yomweyo.