Gulu la Banja: Chiliza cha Amayi

Msungichuma: Mwadzuka bwanji nonse. Tinagwirizana K80,000 nyumba iliyonse, ndipo nyumba zilipo 9. Zamaliza ndi 4, ziwiri zapereka theka, zitatu zili zii. Potumiza pa Airtel Money kapena Mpamba muziwonjezerapo yotapira.

Achimwene Joni: Chiliza chikhale cha granite. Amayi sanali munthu wamba.

Alamu: Kaya granite kaya terrazzo (simenti yosakaniza ndi timiyala n'kuisalaza), za pansi n'zimodzi. Mvula yadutsapo kawiri, dothi lakhazikika, tingathe kumanga. Maziko tikumbe kunja kwa dzenje, pa nthaka yosakumbidwapo, kuya masentimita 45. Mukamanga pa dothi lokwirira, chiliza chimapendekeka n'kung'aluka pakati. Konkire ya silabu: ndowa 1 ya simenti, 2 za mchenga wamumtsinje, 4 za miyala ya kwale, mkati zitsulo za Y10 (zonenepa mamilimita 10). Pakufunika simenti matumba 8 ndi njerwa zowotcha 400.

Alamu: Chimapha ziliza zambiri ndi kusathirira. Dzuwa la Okutobala limaumitsa konkire isanalimbe. Iphimbidwe ndi masaka onyowa, kuthirira m'mawa ndi madzulo masiku 7. Mwala wa dzina ukhale pakatha masabata awiri. Ndiye ngati mwambo uli Loweruka lomaliza la Okutobala, simenti ifike kumudzi mwezi ukangoyamba.

Amalume: Anyakwawa ndawauza kale. Kumanda sitilowa popanda adzukulu, chakudya chawo cha tsiku lomanga muchiwerengere padera.

Achimwene Joni: Granite, ndanena.

Msungichuma: Achimwene, ya Mukuru ija sinafike.

Mdzukulu: Agogo, mbiri yowerenga patsikulo ndayamba kulemba. Ndaika za ana 7 amene analera, za dimba, za Chigwirizano. Nanga za matenda ndilembe bwanji?

Azakhali: Ingolembani kuti anadwala nthawi yaitali. Zinazo n'za m'nyumba.

Achemwali Kumudzi: Za m'nyumba bwanji pamene mudzi wonse unkayankhula? Ena mwa oyankhulawo adzakhala kutsogolo patsikulo.

Amalume: Pang'onopang'ono, ana anga.

Achemwali Anamwino: Amalume, ndiloleni. Tikabisa dzina la matendawa, zonena za anthu zija ndiye zitsala. Lilembedwe: dementia, matenda oiwala. Ubongo umawonongeka pang'onopang'ono. Si misala, si ufiti, komanso si ukalamba wamba, chifukwa okalamba ambiri sadwala. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati mwa odwala 100, pakati pa 60 ndi 70 amakhala a mtundu wa Alzheimer's. Ena amayamba chifukwa cha mitsempha ya magazi ya mu ubongo, makamaka a BP, shuga kapena amene anachitapo sitiroko.

Achemwali Anamwino: Zimayamba kuchoka ndi za posachedwa, zakale zimatsalira. N'chifukwa chake Amayi ankaiwala kuti adya kumene, koma nyimbo za kutchalitchi ankaimba ndime zonse. Kutuluka usiku kuja n'kukapezeka pakhomo la eni, ankafunafuna nyumba imene anakuliramo. Odwala ambiri amasokonezeka kwambiri dzuwa likamalowa. Munthu wotere akapezeka mbandakucha pabwalo la wina, mukudziwa zimene anthu amathamangira kunena, ndipo okalamba ena aphedwapo m'dziko muno chifukwa cha zimenezo. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti.

Azakhali: Ine sindinanenepo kanthu nthawi ija.

Achemwali Kumudzi: Palibe watchula dzina, Azakhali.

Amalume: Lemba, mdzukulu. Mizere iwiri kapena itatu, mwaulemu. Uyambe ndi ntchito zawo, matenda abwere kumapeto. Zaka zimene anatisunga n'zambiri kuposa zimene anadwala.

Achemwali Kasungu: Poti yatchulidwa. Amayi aang'ono kuno ayamba zomwezija. Kubisa ndalama n'kumati mwana waba, kusiya poto pamoto, kufunsa za akulu awo ngati ali moyo. Tibwere nawo kapena ayi?

Achemwali Anamwino: Choyamba apite kuchipatala sabata ino. Akaonedwe BP, shuga, mkodzo, magazi, maso ndi makutu, ndipo mutenge mankhwala onse amene akumwa. Matenda a m'chikhodzodzo kapena kuchepa kwa madzi m'thupi kumasokoneza wokalamba mwadzidzidzi, ndipo zimenezo zimachizika. Dementia imabwera mwa miyezi ndi zaka, osati tsiku limodzi.

Achemwali Anamwino: Kubwera abwere, koma dzulo lake, masana, kuti azolowere malo kusanade. Munthu mmodzi amene amamudziwa asawasiye tsiku lonse. Akhale pamthunzi, kutali ndi zokuzira mawu. Owapatsa moni abwere mmodzimmodzi, kutsogolo kwawo, n'kudzitchula okha dzina. Zoti “mwandizindikira?” ayi, zimawachititsa manyazi n'kukwiya. Muwasokerere kansalu ka dzina ndi nambala ya foni mkati mwa bulawuzi.

Achemwali Kumudzi: Ndiwonjezere za kunyumba. Akafunsa za akulu awo musamawauze za maliro mobwerezabwereza, nthawi iliyonse amalira ngati akumva koyamba. Afunseni za ubwana wawo, nkhani imatembenuka yokha. Akati mwaba, musatsutse, funani nawo limodzi. Malo obisa amakhala omwewomwewo, pansi pa mphasa kapena m'nsalu. Palafini, machesi, mankhwala a chimanga ndi a makoswe zikhale kokiya. Usiku nyali ya sola iziyaka panjira ya kuchimbudzi, pachitseko mumangepo kabelu. Kuwamanga kapena kuwatsekera okha m'chipinda ayi, mantha amangowonjezeka.

Achemwali Kumudzi: Ndipo wosamala asakhale mmodzi. Muzisinthana, mulembe masabata. Izi ndikunena kwa gulu lonse.

Achimwene Joni: Ife akutali tinkatumiza.

Achemwali Kumudzi: Eya.

Mdzukulu: Nanga nsalu ya yunifomu tisoketsa? Anzanga anachita ya chithunzi pamalaya.

Azakhali: Ikhale yabuluu. Yofiira ya pa ukwati uja inasuluka kuchapa kamodzi.

Achimwene Area 25: Mbuzi imodzi ndipereka ine. Komanso tikakumana tikambeko za malire a dimba lija, pali amene walimamo.

Amalume: Za dimba si za tsiku limenelo.

Achimwene Joni: Komabe granite. Anthu adzati chiyani?

Msungichuma: Tibwerere ku ndalama. Zomwe zilipo ndi K400,000. Simenti, zitsulo, njerwa, mmisiri ndi thiransipoti zikudya pafupifupi zonse, chakudya sitinachikhudze. Granite ibwera ngati woifunayo alipira kusiyana kwake pofika pa 30 Sepitembala. Kupanda apo, terrazzo.

Achemwali Kumudzi: Chakudya tiwerengere anthu 150. Ufa makilogalamu 40, mpunga 10 wa azibusa ndi mafumu, nyemba 15, kabichi mitu 20, mafuta malita 5, mbuzi ziwiri. Chimera tinyike kutatsala masabata awiri. Thobwa liphikidwe Lachisanu, la Lachitatu ndi kutenthaku lidzakhala litasasa, a mpingo sangamwe. Amayi aang'ono chakudya chawo chikhale phala kapena nsima yofewa, nyama yoduladula, adye atakhala tsonga, osawafulumizitsa.

Alamu: Dzina ndi zaka za pamwala munditumizire zolembedwa, muzione pa chiphaso chawo kapena buku la mpingo. Chilembo chikalakwika pamwala sichifufutika.

Mdzukulu: Ndalemba chonchi: “Zaka zawo zomaliza anadwala dementia, matenda a ubongo amene amachititsa munthu kuiwala. Anasamalidwa pakhomo pawo mpaka tsiku lomaliza.” Zili bwino?

Amalume: Zili bwino. Utchulenso amene anawasamala.

Msungichuma: Achitsirizira, tikuona kuti mukuwerenga. Nyumba zitatu zija, Lachisanu ndiika mayina pano.

Achemwali Kasungu: Kuchipatala tipita Lachiwiri. Amene angathe kudzakhala ndi Amayi aang'ono sabata yachiwiri ya Novembala alembe pano, ine ndidzakhala kumunda.