Ndalama za maploti a ku Mpingu: buku silitsekedwa mpaka timvane

Mayi Nabanda (wapampando): Madzulo abwino nonse. Ndikudziwa ena mwangoweruka kumene, koma nkhani iyi singadikire Lamulungu. Mwezi wa mawa tikugawana masheya, ndipo buku la banki m'khonde silingatsekedwe muli mawu. Ndamulowetsa Limbani m'gulu muno kuti adziyankhire yekha ali ku Lilongwe konko. A Mbewe, yambani ndinu monga msungichuma.

A Mbewe: Zikomo amayi. Eni maploti a ku Mpingu, ku Lilongwe, tilipo anthu 8. Tinasonkha R3,000 aliyense, zonse R24,000, za asaveya ndi za ku ofesi ya zamalo. Ndinatumiza kwa mng'ono wangayu Limbani, ntchito inagwirika, mabikoni osonyeza malire ali m'nthaka. Malisiti ndinaponya muno sabata yatha, onse pamodzi K1,550,000. Bajeti yathu ya mu October inali K1,488,000. Tinapitirira pang'ono, koma sindinauze munthu kuti awonjezere.

Esnart: Achimwene, za October zisiyeni kaye. Ndalamayo inachoka liti kuno ku Joni?

A Mbewe: Pa 20 November.

Esnart: Ndiye pamenepo. Kwacha inagwa pa 9 November 2023 ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Aliyense wotumiza kumudzi anaona kuti randi yanenepa. Inu mukutiwerengera mtengo wakale pamene munasintha pa mtengo watsopano. Tionetseni uthenga wa pafoni umene Limbani analandira.

Tiyamike (mlembi): Uthengawo ndili nawo, a Mbewe ananditumizira masana. Anasintha pa K90, Limbani analandira K2,160,000. Tikachotsa za malisiti K1,550,000, patsala K610,000 yopanda pepala.

Che Juma: Ayi ndithu, imeneyo si yotsala pogula tomato. Ine ndimakhala pa makina ku Mayfair kuyambira 7 m'mawa mpaka usiku, kupinda mathalauza a eni. R3,000 ija ndinaipeza ndi msana.

A Mbewe: Che Juma, nonse mukudziwa chimene ndinachedwera. Tinagwirizana kuti titumiza kamodzi kuti tisamalipire zotumizira kawirikawiri. Anthu awiri anamaliza kusonkha pa 18 November, ndipo mmodzi wa iwo ndi achemwali amene akundifunsa lero. Kwacha ikanakwera m'malo mogwa, bwenzi mukundiuza kuti ndikwaniritse za m'thumba mwanga.

Esnart: Ndinachedwa inde, abwana anga ku Sandton anali kunja, ndipo chindapusa cha R100 ndinapereka, chili m'buku. Kuchedwa kwanga sikusandutsa ndalama yathu kukhala yanu.

Mayi Nabanda: Tiyeni timve kwa amene anayenda. Limbani, lankhula mwana wanga, usaope.

Limbani: Zikomo amayi, moni kwa makolo nonse. Ine ndili ndi kope limene ndinkalembamo, ndajambula masamba ake, ayang'aneni. Tsamba lachitatu inki inamwazika chifukwa mvula inandipeza pa kabaza pochoka pa Mpingu, koma manambala akuoneka. Malowa ndi a kwa mfumu. Kuti mufunsire lizi, chikalata cha boma chobwereketsa malo, pamafunika fomu yosainidwa kuyambira kwa a nyakwawa, kwa a T/A mpaka kwa a DC, ndipo mafomu anali 8, munthu aliyense yake. Kwa mfumu sapitako chimanjamanja, mukudziwa nokha, ndipo nduna zimene zinabwera kudzaloza malire sizikanabwerera ndi zikomo yekha. Zonsezo K160,000. Kumeneko kulibe lisiti. Zoyendera K130,000. Sabata yomwe kwacha inagwa petulo anachoka pa K1,746 n'kufika pa K2,530, minibasi ndi kabaza zinakwera tsiku lomwelo. Ku ofesi umapita, akuti bwana wosaina ali ku msonkhano, ubwere Lachinayi. Lachinayi akuti netiweki palibe. Ulendo uliwonse ndi ndalama. Nsima ya asaveya ndi anyamata okumba maenje a mabikoni, K70,000. Pa ploti ya Che Juma tinathera tsiku lathunthu chifukwa oyandikana nawo anadzala nthochi kulowa mkati, tinachita kuitananso nduna kuti zidzaweruze.

Che Juma: Za nthochizo ndinamva kwa mkazi wanga, n'zoona. Pamenepo unandigwirira ntchito, mnyamata.

Tiyamike: K160,000, K130,000 ndi K70,000 zikukwana K360,000. Patsala K250,000.

Esnart: Ndiye tikudikira.

A Mbewe: Imeneyo musamufunse Limbani, ndinalamula ndine. Inali December, chimanga cha amayi athu ku Dowa chinali chitayamba chikasu, makuponi sanalandire. Ndinamuuza kuti agule matumba atatu a feteleza. M'mutu mwanga ndinkati ntchito ya gulu yatheka, palibe amene waonjezera kobiri, ndipo mwanayu wasiya shopu yake ya mafoni masiku ambirimbiri osalandira kanthu. Munthu wina aliyense akanatilipiritsa. Funsani amene anatuma madobadoba a m'tauni kuti anawadya zingati, ena mpaka lero ploti sanaione.

Mayi Nabanda: A Mbewe, ndakumvani, ndipo amayi anu ndi amayi athu. Koma mukanangolemba muno kuti chimanga chikufa, thumba la zadzidzidzi lilipo chifukwa cha zomwezo. Pamene a Gondwe anamwalira tinanyamula maliro kuchoka kuno mpaka ku Rumphi, palibe amene anang'ung'udza. Chimene chandiwawa n'chakuti munatipatsa malisiti n'kukhala chete, ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Malipiro a Limbani timayenera kutchula ndife eni maploti, osati inu awiri pa foni usiku.

Bambo Kamanga: Ine ndangolowa kumene, ndinali pa geti. Ndawerenga zonse. Za mfumu, zoyendera ndi nsima ndikuvomera, ndinayendetsapo mapepala a malo ku Mzuzu, ndikudziwa mmene nsapato zimathera. Koma vuto tinaliyamba tokha tsiku lija tinakumana ku Rosettenville kuno ku Joni. Wosunga ndalama ndi mkulu, wogwiritsa ntchito ndalama ndi mng'ono wake, wofunsa palibe. Ngakhale atakhala anthu olungama chotani, mng'ono sangakanize mkulu wake. Ndinanena, munati ndikukayikira anthu a kutchalitchi.

Limbani: Ine sindinadyepo kanthu, bambo. Ngati mukufuna, mafomu ndikapereke kwa munthu wina apitirize.

Bambo Kamanga: Ayi mphwanga, iweyo pitiriza, ku ofesiko akukudziwa kale nkhope. Ndikunena za kayendetsedwe.

Esnart: Ine maganizo anga ndi awa. K250,000 ilembedwe ngongole ya a Mbewe kuyambira December, ndi chiwongoladzanja chathu cha 10 peresenti pamwezi monga aliyense. Ndipo abweze mu randi. Tinasonkha randi. Akabweza mu kwacha chaka chino, ifika itafooka kale.

A Mbewe: Chiwongoladzanja cha miyezi itatu pa ndalama imene sindinakongole ku banki? Imeneyi sinali ya masheya, inali ya maploti. Achemwali, musandiphe.

Tiyamike: Malamulo athu amanena za ngongole ya m'bokosi. Za ndalama yapadera ngati iyi sitinalembe kanthu. Pa K90, K250,000 ndi R2,780 tikaizungulitsa.

Che Juma: Ine ndikuti abweze mutu wokha, mu randi, tisanagawane. Chiwongoladzanja ayi, chifukwa zotumizira analipira za m'thumba mwake ndipo sanatiwerengere. Koma pakhale chindapusa chobisa nkhani, kuti mawa wina asatengere. Ndipo Limbani timulipire poyera. Aliyense R150, zikwana R1,200.

Esnart: Ndiye kuti tikulipira banja lomwelo kawiri.

Che Juma: Ayi achemwali. Mkulu akubweza zimene anatenga, mng'ono akulandira za thukuta lake. Inu munapitako ku Mpingu kukakangana ndi mwini nthochi?

Esnart: Za Limbani ndapereka, sindikukana. Koma chindapusa chisachepere R500. Ine pochedwa ndinalipira R100 popanda wondimvera chisoni.

Mayi Nabanda: Tivote. Choyamba, R2,780 ibwere pasanafike pa 10 March, igawidwe kwa eni maploti 8, osati ku masheya a gulu lonse, chifukwa ena muno ku Mpingu alibeko malo. Chachiwiri, chindapusa R500 chilowe m'thumba la zadzidzidzi. Chachitatu, R150 aliyense kwa Limbani. Lembani eya kapena ayi.

Tiyamike: Eya 6. A Mbewe savota pa mlandu wawo. Mayi Chisale sanawerenge, foni yawo ili kwa okonza, ndiwauza mawa pa Park Station pokatumiza katundu.

A Mbewe: Ndavomera, koma pa 10 March ndikwanitsa R2,000 yokha. Yotsalayo mudule pa masheya anga pogawana. Ndipo ine nanenso ndili mwa eni maploti, gawo langa la R2,780 lichotsedwe.

Tiyamike: N'zoona. Gawo lanu ndi R347.50, ndiye mubweza R2,432.50, kuphatikiza chindapusa R2,932.50. Ndalemba.

Bambo Kamanga: Nanga za mtsogolo? Lizi ikatuluka kuli ndalama ya lendi ya malo chaka ndi chaka, tidzatumizanso.

Mayi Nabanda: Kuyambira lero ndalama ya maploti azisunga Tiyamike, a Mbewe atsale ndi bokosi la masheya mpaka chisankho. Potumiza, uthenga wa mtengo uziponyedwa muno tsiku lomwelo. Limbani, chilichonse chopanda lisiti chopitirira K20,000 uziyamba wafunsa kuno, ndipo kopelo uzijambula Loweruka lililonse.

Limbani: Ndamva amayi. Asaveya akuti mapulani a maploti 6 atuluka, awiri otsalawo akufuna chithunzi cha chiphaso cha unzika, mbali zonse ziwiri. Ndi a Mayi Chisale ndi a Bambo Kamanga.

Bambo Kamanga: Changa chinatha ntchito. Ndikutumizira pasipoti, ukafunse ngati alandire imeneyo.