N'chifukwa chiyani kamudzi ka Conques kali ndi tchalitchi chachikulu chotere?

NaBanda:
Ndikupempha odziwa mbiri ya dziko la France kuti andithandize. Mudzi wa Conques, m'dera la Aveyron kummwera kwa dzikolo, unamangidwa pamalo otsetsereka m'chigwa chopapatiza, pafupi ndi pamene mtsinje wa Ouche umathira mu Dourdou, ndipo anthu okhalamo ndi ochepa kwambiri. Nanga zinatheka bwanji kuti malo obisika chotere akhale ndi tchalitchi chachikulu chonchi?

Mphunzitsi Gondwe:
Mayi NaBanda, nkhani yagona pa mafupa a Sainte Foy, mtsikana amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chake mumzinda wa Agen cha m'ma 303. Poyamba nyumba ya amonke ya ku Conques inalibe chokopa alendo, koma mbiri imati cha m'ma 866 mmonke wina anakakhala ku Agen kwa zaka zingapo mpaka eniake atamukhulupirira, kenaka anaba mafupawo n'kubwera nawo kwawo. Kuyambira pamenepo anthu oyenda maulendo achipembedzo anayamba kukhamukirako, makamaka odutsa njira yochokera ku Le Puy-en-Velay kupita ku Santiago de Compostela, malo opatulika a ku Spain, ndipo zopereka zawo ndi zomwe zinamanga tchalitchichi m'zaka za m'ma 1000 ndi 1100. Kuba ndi kuba ndithu, ngakhale amonkewo ankati woyerayo anavomera yekha kusamuka.

Bambo Mbewe:
Ndiwonjezereko pang'ono pa zimene aphunzitsi anena. Alendo atachepa mudziwo unasauka, ndipo nthaka yake yamiyala sikanatha kudyetsa anthu ambiri. Pa nthawi ya kuukira kwa anthu a ku France kumene kunayamba mu 1789, anthu a m'mudzimo anabisa chuma cha tchalitchi m'nyumba zawo, n'chifukwa chake fano lagolide la Sainte Foy lilipobe. Mu 1837 Prosper Mérimée, yemwe anali woyendera nyumba zakale m'malo mwa boma, anapeza tchalitchicho chili pafupi kugwa ndipo analimbikitsa kuti chikonzedwe. Amonke, amene anali atachokapo kalekale, anabwereranso mu 1873, ndipo mawindo 104 amene alipo lero anakonzedwa ndi Pierre Soulages, katswiri wojambula wa ku Rodez, ntchito yomwe inatha mu 1994.

NaBanda:
Zikomo kwambiri bambo nonse awiri. Kodi mudziwo ukadali woima paokha pa kayendetsedwe ka boma?

Bambo Mbewe:
Ayi mayi, mu 2016 unaphatikizidwa ndi midzi yoyandikana nayo ndipo dera lonselo tsopano limatchedwa Conques-en-Rouergue.